Mapu a mitsinje asamangoonetsa pomwe palibe mitengo

Masiku ano ntchito zambiri zobwezeretsa mitengo m'mbali mwa mitsinje zimayambira pa kompyuta. Munthu amatsegula pulogalamu ya mapu, n'kuikamo mizere ya mitsinje, n'kuiuza kompyuta kuti ijambule lamba wa mamita 30 tsidya lino ndi tsidya ilo, kenako n'kupaka zofiira paliponse pomwe m'lambamo mulibe mitengo. Dzuwa lisanalowe mapu atuluka, ofiira psuu, ndipo pa msonkhano aliyense amagwedeza mutu kuti vuto laoneka. Maganizo anga ndi akuti mapu oterewa sanagwire ntchito yomwe anawapangira. Funso lakuti "kodi mitengo kulibe kuti?" ndi lophweka, ndipo m'dera lililonse lolimidwa yankho lake ndi lakuti pafupifupi ponseponse.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti dera lili ndi mitsinje ndi mifuleni yotalika makilomita 400 mukaiphatikiza. Lamba wa mamita 30 mbali zonse ziwiri akupereka mahekitala 2,400. Mukadzala motalikanitsa mamita 3 ndi 3, hekitala imodzi imadya mbande 1,111, ndiye kuti dera lonselo likufuna mbande zoposa mamiliyoni awiri ndi theka. Ngakhale theka lokha la malowo likhale lopanda mitengo, palibe nazale ya ntchito wamba yomwe ingakwanitse zimenezi pa chaka chimodzi, osanena zopalira, zolambula mizere yoteteza moto ndi zotchinga ziweto. Choncho kusankha n'kosapeweka. Mapu akapanda kusankha, amasankha ndi msewu: mbande zimatsitsidwa pomwe galimoto yafika mosavuta. Ntchito yeniyeni ya mapu ndi kuchepetsa mndandanda, kuchoka pa makilomita mazanamazana kufika pa khumi kapena makumi awiri pomwe mtengo ungasinthedi madzi ndiponso pomwe ungapulumuke.

Zipangizo si vuto. Pulogalamu ya mapu ya QGIS, yomwe inayamba mu 2002, ndi yaulere. Zithunzi za masetilaiti a Sentinel-2 nazonso ndi zaulere, ndipo malo amodzimodzi amajambulidwa pafupifupi masiku asanu alionse. Vuto ndi lakuti kompyuta sikana. Mukaipatsa mizere yolakwika imakupatsani mapu okongola olakwika.

Zolakwika zambiri zimayambira pa mizere ya mitsinjeyo. Anthu amakonda kutenga yokonzedwa kale, monga HydroRIVERS kapena ya pa OpenStreetMap. HydroRIVERS inapangidwa kuchokera ku timabokosi (tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga mapu kapena chithunzi pa kompyuta) ta mamita pafupifupi 500, ndipo kawirikawiri imasonyeza mitsinje yolandira madzi kuchokera ku dera la masikweya kilomita 10 kapena kuposerapo. Ndi yabwino poyang'ana dziko lonse, koma mzere wake ukhoza kudutsa mamita 200 kutali ndi madzi enieni, ndipo lamba wanu wa mamita 30 amagwera pakati pa munda wa munthu. Ya OpenStreetMap inajambulidwa ndi anthu odzipereka, choncho pena ndi yolondola zedi, pena mfuleni umangothera m'malere chifukwa wojambulayo analekera pomwepo. Zonse ziwirizi zimasiya timitsinje ta kumtunda ndi makwawa oyenda madzi nthawi ya mvula yokha. Pamenepa ndi pomwe pagona nkhani. Timitsinje timeneti, tomwe pa kawerengedwe ka Strahler, koika mitsinje m'milingo kuyambira kumutu kwake, tili pa mlingo woyamba ndi wachiwiri, ndi tomwe timapanga gawo lalikulu la utali wonse wa mitsinje m'dera, ndipo ndi tomwe timakhudzana ndi minda yambiri. Matope ofika mumtsinje waukulu ambiri amakhala atalowera kumeneko. Komanso pa kamtsinje ka mamita awiri m'lifupi nthambi za tsidya lino ndi tsidya ilo zimakumana pamwamba, madzi n'kuzizira. Pa mtsinje wa mamita 80 mthunzi umangothera m'mphepete.

Njira yabwinoko ndi kutulutsa nokha mizereyo kuchokera ku mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, otchedwa DEM. Aulere odziwika ndi SRTM, omwe anajambulidwa mu February 2000, ndi Copernicus GLO-30 omwe ndi atsopanoko. Onse awiri ali ndi timabokosi ta mamita pafupifupi 30. Chida cha r.watershed chomwe chimabwera ndi pulogalamu ya mapu ya GRASS chimawerengera komwe madzi a kabokosi kalikonse angatsetserekere, ndi kuchuluka kwa timabokosi totsanulira madzi pa malo alionse. Inu mumangoika malire: timabokosi tingati tikasonkhana tinene kuti apa payamba mfuleni? Kabokosi kamodzi ndi masikweya mita 900, kotero 100 ndi mahekitala 9, 500 ndi mahekitala 45, 1,000 ndi mahekitala 90. Palibe nambala yogwira paliponse. Kumapiri a mvula yambiri mfuleni umayamba msanga, pamchenga pomwe madzi amalowa pansi umachedwa. Yesani nambala zitatu, muziike pamwamba pa chithunzi chooneka bwino cha kumwamba, ndipo musankhe yomwe mitu ya mizere yake ikugwera pafupi ndi pomwe khwawa likuyambira kuoneka.

Pali msampha wina womwe ambiri saudziwa. Ma DEM aulerewa sayeza nthaka yeniyeni, amayeza pamwamba pa chilichonse chomwe chilipo, kuphatikizapo madenga ndi nsonga za mitengo. Pomwe mtsinje uli ndi mitengo italiitali, kompyuta imaona ngati chitunda, ndiye imakankhira mzere wa madzi kumbali, m'munda woyera womwe ukuoneka wotsika. Zotsatira zake, malo omwe ali ndi mitengo kale amatuluka ofiira. Misewu nayo imaoneka ngati madamu chifukwa setilaiti siona makalavati, ndipo pachigwa chosalala mizere imangowongoka ngati yojambulidwa ndi rula. Mankhwala ake ndi manja: kuyenda ndi maso mzere ndi mzere pamwamba pa chithunzi, kukoka pomwe wapatuka, kuboola pomwe pali kalavati. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo ndi imene anthu amailumpha, koma pa dera la makilomita mazana ochepa ndi ya masiku owerengeka, ndipo china chilichonse chotsatira chimatsamira pa iyo.

Musanajambule lamba, yang'anani kayezedwe ka mapu anu. Zambiri zotengedwa pa intaneti zimabwera mu kayezedwe kotchedwa EPSG:4326, momwe muyeso wake ndi madigiri. Digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye mukalemba 30 poganiza kuti ndi mamita, lamba wanu adzakuta mayiko angapo. Sinthirani zonse ku kayezedwe ka UTM ka dera lanu, komwe muyeso wake ndi mamita. Chinanso, lamba amayezedwa kuchokera pa gombe, osati pakati pa madzi. Pa mfuleni wa mita imodzi kusiyanako n'kochepa, koma pa mtsinje wa mamita 40 m'lifupi, lamba wa mamita 30 woyezedwa kuchokera pakati amakhala ndi mamita 20 a madzi ndi mamita 10 okha a mtunda. Mitsinje ikuluikulu ijambuleni magombe onse awiri.

Nanga mamita 30 anachokera kuti? Sanangotoledwa. Malangizo a nthambi ya nkhalango ya dziko la United States a mu 1991 anagawa lamba patatu: mamita pafupifupi 4.5 a mitengo yosadulidwa pafupi ndi madzi, mamita 18 a mitengo yololedwa kukololedwa mosamala, ndi mamita 6 a udzu kumbali ya munda, zonse pamodzi pafupifupi mamita 29. Lamulo la nkhalango la Brazil la 2012 limafuna mamita 30 pa mitsinje yosafika mamita 10 m'lifupi, n'kumakwera mpaka mamita 500 pa mitsinje yoposa mamita 600, ndi mamita 50 kuzungulira kasupe. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake ndipo ndi oyamba kuwatsata. Koma madzi satsata lamulo, amatsata nthaka. Pamalo otsetsereka kwambiri madzi amathamanga, ndipo mamita 30 sakwana kugwira matope. M'chigwa chotakata madzi osefukira amatha kufika mamita 200. N'chifukwa chake ndimakonda kuti pambali pa lamba wa lamuloyo pakhale muyeso wa HAND, womwe akatswiri a ku Brazil anaufotokoza mu 2008. Umasonyeza kuti malo alionse akwera mamita angati pamwamba pa mtsinje womwe madzi ake amatsikirako. Malo okwera mita imodzi kapena awiri okha amamira kawirikawiri, ndipo mitengo yoyenera pamenepo si imodzimodzi ndi ya pamalo okwera mamita 8, ngakhale onse atalikirane mofanana ndi madzi.

Tsopano za kudziwa pomwe pali mitengo. Mapu otchuka a nkhalango a yunivesite ya Maryland, omwe anatuluka mu 2013 ndipo amapezeka pa Global Forest Watch, ali ndi timabokosi ta mamita 30 ndipo amawerengera zomera zoposa mamita 5 kutalika. Lamba wa mamita 30 ndiye kuti ndi kabokosi kamodzi kokha m'lifupi, kosakaniza madzi, mchenga, mitengo ndi munda. Sangakuuzeni zambiri. ESA WorldCover ya 2020 ndi 2021, yomwe ndi mapu a bungwe la za m'mlengalenga la ku Ulaya, ili ndi timabokosi ta mamita 10 ndi magulu 11 a zomwe zakuta nthaka. Eni ake anaiyesa n'kupeza kuti imalondola pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndipo m'timalamba topyapyala tosakanikirana musayembekezere zoposa pamenepo.

Ambiri amathamangira ku NDVI, nambala yosonyeza kubiriwira kwa malo, yomwe pa Sentinel-2 imawerengedwa ndi bandi 8 ndi bandi 4, mitundu iwiri ya kuwala komwe setilaiti imajambula: kuchotsera yachiwiri pa yoyamba, n'kugawa ndi ziwirizo mutaziphatikiza. Yankho limakhala pakati pa -1 ndi 1. NDVI imayeza kubiriwira, siidziwa mtengo. Nthawi ya mvula zonse ndi zobiriwira, kotero chithunzi cha nthawi imeneyo n'chopanda pake. M'chilimwe minda yodalira mvula yauma, ndipo kusiyana kumaoneka, koma m'mbali mwa mtsinje ndi momwemo momwe muli mbewu zothiriridwa, bango ndi udzu wa pachinyontho, zonse zobiriwira ngati nkhalango. Pomwepo mitengo yoyoyola masamba imaoneka ngati palibe. Chothandiza ndi kutenga zithunzi zinayi kapena zisanu zopanda mitambo pa nyengo zosiyana za chaka chimodzi. Mtengo wosayoyola umakhala wobiriwira mosasinthasintha, pomwe munda umakwera n'kugwa mwadzidzidzi ukakololedwa. Nambala yolekanitsira mtengo ndi zina musaikopere kwa ena. Sankhani malo 40 kapena 50 omwe mukudziwa bwino zomwe zilipo, muwerenge NDVI yake, ndipo muike malire potengera zimenezo. Ngakhale mutero, tchire la zomera zolanda malo monga lantana lidzawerengedwa ngati chitetezo chabwino. Zimenezo zimadziwika ndi phazi basi.

Mukafika apa dulani mitsinje m'zidutswa za mamita 100 kapena 200 ndi chida cha mu QGIS chotchedwa Split lines by maximum length, ndipo mujambule lamba wa tsidya lililonse payekha ndi Single sided buffer. Kulekanitsa matsidya n'kofunika: tsidya limodzi likhoza kukhala nkhalango, linalo loyera mbee, ndipo mukaziphatikiza mumapeza theka, nambala yosauza aliyense kanthu. Chidutswa cha mamita 100 ndi 30 chili ndi timabokosi 30 ta Sentinel-2, ndipo chida cha Zonal histogram chidzakuwerengerani kuti tingati ndi ta mitengo. Ndi mahekitala 0.3, mbande pafupifupi 330, ntchito yoti gulu laling'ono lingaisamalire.

Apa ndi pomwe mapu ambiri amathera, pomwe ntchito yosankha ikungoyamba kumene. Lamba wa zomera amagwira matope ngati madzi akulowamo mofalikira, mopyapyala, pang'onopang'ono. Koma madzi a mvula ochokera m'minda safika kumtsinje mofanana paliponse. Amasonkhana m'timigula, m'njira zapansi, m'ngalande za m'mbali mwa msewu ndi m'zigwembe, n'kulowa mumtsinje pa malo ochepa. Pa malo amenewo amadutsa pakati pa mitengo osaima. Bwererani ku DEM ija, mutsitse malire kufika pa timabokosi 11 mpaka 55, kutanthauza hekitala imodzi mpaka asanu, ndipo mudzaona tinjira ta madzi tolowa mu lamba. Pa chidutswa chilichonse werengerani mahekitala a minda ndi a nthaka yoyera omwe madzi ake amadzera pamenepo. Mudzapeza kuti zidutswa ziwiri zofiira mofanana n'zosiyana kutali: china kumbuyo kwake kuli theka la hekitala la udzu, chinacho kuli mahekitala 20 a minda yotsetsereka. Choyambacho chikhoza kudikira zaka khumi. Chachiwiricho n'chofunika lero, komanso sichifuna mitengo yokha. Chimafuna mzere wa udzu wothithikana monga vetiva kumtunda kwa mitengo kuti madzi amwazike, ndipo ngati pali chigwembe, chitsekedwe kaye ndi timipanda ta miyala kuyambira kumutu kwake. Mbande zodzalidwa pakamwa pa chigwembe chomwe chikukulabe zimapita ndi mvula yoyamba yamphamvu.

Poika zidutswa mu ndondomeko, pewani chizolowezi chosanjikiza zinthu khumi ndi ziwiri, chilichonse ndi mlingo wake, mpaka palibe angafotokoze chifukwa chomwe chidutswa china chakhalira pamwamba. Zitatu n'zokwanira: kuchepa kwa mitengo, kukula kwa minda yotsanulira madzi pamenepo, ndi kutsetsereka. Kenako sinthani milingoyo kawiri katatu muone ngati zidutswa 20 zapamwamba zikukhalabe zomwezo. Zomwe sizisuntha ndi zodalirika. Ine ndingawonjezere chimodzi chokha, kuyandikana ndi mitengo yomwe ilipo kale. Mpata wa mamita 150 pakati pa zigawo ziwiri za nkhalango ndi wopindulitsa kuutseka kuposa kuyamba chilumba chatsopano patali, chifukwa mbalame, mileme ndi madzi zimabweretsa njere zokha.

Tsono pali malo ofunika kuwachotsa pa mndandanda ngakhale ali ofiira chotani. Oyamba ndi madambo ndi malo a udzu wachilengedwe. Kompyuta imawaona ngati opanda mitengo, koma sanakhalepo nkhalango, ndipo udzu wake ndi umene umasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Kudzalamo bulugama kapena paini ndi kuumitsa mtsinje ndi ndalama zanu zomwe. Dziko la South Africa linakhazikitsa ntchito ya Working for Water mu 1995 yodula mitengo yachilendo yolanda malo, yambiri mwa iyo m'mbali mwa mitsinje, chifukwa inkamwa madzi ochuluka. Kuchotsa mtengo wolakwika kumadya zambiri kuposa kuudzala.

Achiwiri ndi magombe akunja kwa makona a mtsinje, pomwe madzi amadya nthaka. Tsegulani zithunzi zakale pa Google Earth Pro, mujambule pomwe gombe linali zaka khumi zapitazo ndi pomwe lili lero. Ngati labwerera mamita 20, ndiye kuti likudyedwa mamita awiri pachaka, ndipo mbande yodzalidwa mamita 5 kuchokera m'mphepete idzagwera m'madzi isanakwanitse zaka zitatu. Dzalani kumbuyo, mamita 10 kapena 15, kuti mizu ikhale itakhwima pomwe mtsinje uzidzafika. Dziwaninso kuti mizu imagwira nthaka mpaka pomwe yafika. Gombe lachiphompho la mamita atatu limadyedwa kunsi kwa mizu, ndipo mtengo waukulu pamwamba pake umagwa nalo limodzi. Pamenepo pofunika kusalaza gombe kaye. Otsala ndi odziwikiratu: pansi pa mawaya a magetsi, pafupi ndi milatho, powolokera anthu ndi pomwera ziweto. Mukatseka pomwera ng'ombe popanda kukonza pena, ng'ombezo zidzathyola mpanda.

Ena amati zonsezi n'kutaya nthawi, popeza anthu okhala m'mbali mwa mtsinje amadziwa kale pomwe pawonongeka. Akunena zoona pa gawo limodzi. Amadziwa mpaka pomwe madzi anafika chaka cha chigumula, amadziwa pomwe moto umadutsa chaka ndi chaka, ndiponso mwini wa malo alionse, zomwe setilaiti siingaone. Koma aliyense amadziwa bwino makilomita awiri kapena atatu ake, ndipo pogawa mbande zochepa pakati pa madera makumi atatu, wopambana amakhala wolankhula mokweza. Mapu amayeza onse ndi muyeso umodzi. Komanso amaonetsa chinthu chovuta kuchiona uli pansi, chakuti matope okwirira pano akuchokera makilomita asanu kumtunda. Chomwe ndimakana ndi kutembenuza ndondomeko, kufika kwa eni malo ndi mapu omaliza kale. Mlimi yemwe munda wake wa m'mbali mwa madzi ndi umene umamudyetsa m'chilimwe sangapereke mamita 30 chifukwa chakuti pepala lafiira. Mamita 10 omwe wavomera ndi kuwasamalira amaposa mamita 30 omwe mbande zake zidzazulidwa polima.

Pokayendera, ikani mapuwo mu foni kudzera pa pulogalamu ya QField, yomwe imagwira ngakhale popanda intaneti. GPS ya foni imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu pabwalo, ndipo pansi pa mitengo imaphonya kuposa apo, choncho m'lifupi mwa lamba muyeze ndi tepi. Musayendere zofiira zokha. Sankhani mwachisawawa zidutswa 30, zofiira ndi zobiriwira zomwe, kuti mudziwe kuti mapu akunama kangati komanso akunamira mbali iti. Pa chidutswa chilichonse lembani kutalika kwa gombe, zizindikiro za ziweto ndi moto, mtundu wa zomera, ndipo koposa zonse werengani zitsa zamoyo ndi mphukira. Setilaiti siona mphukira ya masentimita 40. Malo omwe ali ndi mphukira mazana angapo pa hekitala safuna mbande ngakhale imodzi. Amafuna kutchingira ziweto, kuteteza moto, ndi kudulira kuti pa chitsa patsale nthambi ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Mizu yake ndi yakale ndipo inazama kale, kotero imakula msanga kuposa mbande ya ku nazale. Mbande zomwe zapulumutsidwa apa zipite pomwe nthaka yatheratu.

Pomaliza ntchito ya m'munda, chidutswa chilichonse chikhale ndi mawu amodzi mwa anayi: kudzala, kuteteza mphukira, kukonza gombe kapena chigwembe kaye, kapena kusiya momwe chilili. Sungani nambala za zidutswazo osazisintha, chifukwa ndi zomwe mudzayezere zotsatira. Musayembekezere kuti Sentinel-2 ionetsa kusintha chaka chamawa. Mbande za zaka ziwiri zotalikirana mamita atatu sizidzaza kabokosi ka mamita 10, ndipo kubiriwira komwe mudzaone kudzakhala kwa udzu. M'zaka zoyambirira muyeso ndi kuwerenga mitengo yamoyo kumapeto kwa chilimwe, m'timinda toyezera ta mamita 10 ndi 10 tozikidwa zikhomo, ndi kujambula chithunzi mutaima pa malo omwewo, kuyang'ana mbali yomweyo, mwezi womwewo chaka chilichonse. Zithunzi za setilaiti zibwerenso nthambi zikayamba kukumana, ndipo muzidzayerekeza mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka chomwe munayambira.